MUTU UMODZI SUSENZA DENGA: MADOTOLO APHUNZIRE PAMODZI NDI ANZAWO

Nyengo ya dzinja ikafika, mvula itakhazikika ndipo tiyi ataphuka, minda ya ku Thyolo imadzaza ndi anthu kuyambira mbandakucha. Amayi ndi abambo amalowa m'mizere atabereka madengu kumsana, nathyola masamba anthete kufikira nthawi yopita kusikelo itakwana. Tiyi ameneyu ali m'gulu la mbewu zikuluzikulu zimene zimabweretsa ndalama zakunja m'dziko lino, ndipo ndalama zimenezo ndizo zimathandiza kugula mankhwala, mafuta ndi feteleza. Motero umoyo wa munthu wothyola tiyi ku Satemwa, ku Makandi, ku Naming'omba kapena kwa Conforzi ndi nkhani ya fuko lonse. Funso loyenera kufunsidwa ndi lakuti: kodi dotolo amene adzamuona munthu ameneyu tsiku limene wadwala akuphunzitsidwa motani?

Owerenga aganizire za mayi wothyola tiyi amene wafika pachipatala akudandaula chifuwa, msana ndi kufooka. Chifuwacho chikhoza kukhala chifuwa chachikulu, ndipo pamenepo pafunika wa ku labotale woyeza makhololo. Msanawo ukhoza kuchokera ku dengu limene amabereka tsiku lonse pamtunda wotsetsereka, ndipo pafunika katswiri wa mafupa ndi minyewa, komanso wodziwa malamulo a zaumoyo pantchito. Kufookako kukhoza kuchokera ku kuchepa kwa magazi chifukwa cha malungo, njoka zam'mimba kapena chakudya chosakwanira, ndipo pafunika wa zakadyedwe ndi mlangizi wa zaulimi. Kunyumba kwasiyidwa ana amene akupuma mpweya umodzi ndi mayiyo, ndipo amene angawafikire ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzimo. Wodwalayo ndi mmodzi, koma mavuto ake akhudza maphunziro asanu kapena asanu ndi limodzi, amene kusukulu amaphunzitsidwa m'zipinda zosiyana, ndi aphunzitsi osiyana, pa zaka zosiyana.

Kaphunzitsidwe kogawa maphunziro motere kali ndi mbiri yake. Mu 1910 Abraham Flexner adalemba lipoti lonena za sukulu za udotolo za ku America ndi ku Canada, ndipo kuchokera pamenepo njira imene idakhazikika m'maiko ambiri inali yakuti wophunzira ayambe wathera zaka m'kalasi ndi mu labotale, kuphunzira za kapangidwe ka thupi, kagwiridwe ntchito ka ziwalo ndi za mankhwala, phunziro lililonse palokha, kenaka n'kudzalowa m'wodi kukaona odwala. Njira imeneyi idachita zabwino zambiri, pakuti idathetsa sukulu zachinyengo ndi kuika sayansi pamaziko a udotolo. Koma idabalanso vuto lake. Wophunzira ankaloweza zinthu chaka choyamba, nazilemba pamayeso, n'kuziiwala asanakumane ndi wodwala amene zinthuzo zikadamuthandiza. Ankamalizanso maphunziro ake onse osakhalapo m'kalasi limodzi ndi namwino amene adzagwira naye ntchito moyo wake wonse.

Maiko ena adaliona msanga vutoli. Mu 1969 sukulu ya ukachenjede ya McMaster ku Canada idayamba kuphunzitsa udotolo poika nkhani ya wodwala patsogolo, kuti ophunzira m'timagulu ting'onoting'ono afufuze okha zonse zofunika kuti amvetse matendawo. Sukulu ya Maastricht ku Netherlands idatsata njira yomweyo kuyambira mu 1974. Mu 1978 maiko adasonkhana ku Alma-Ata nagwirizana kuti umoyo wa anthu umadalira ulimi, madzi, nyumba ndi maphunziro monga momwe umadalira chipatala. Ku Linköping, m'dziko la Sweden, kuyambira mu 1986 ophunzira udotolo, unamwino ndi ntchito zina za chipatala adayamba kuphunzira zinthu zina pamodzi, ndipo mu 1996 adatsegula wodi imene ophunzirawo amasamalira odwala ngati gulu limodzi aphunzitsi awo akuyang'anira. Mu 2010 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa ndondomeko yolimbikitsa maiko onse kuti aziphunzitsa ogwira ntchito zaumoyo mwa njira imeneyi.

Pasapezeke wonena kuti zimenezi ndi nzeru zachilendo zosayenera dziko lino. Pulezidenti woyamba wa Malawi, malemu Ngwazi Dr H. Kamuzu Banda, adayamba walandira digiri ku Chicago mu 1931 ataphunzira mbiri yakale ndi zandale, asanamalize udotolo ku Meharry mu 1937. Ndipo pamene sukulu ya udotolo ya College of Medicine inkatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, akuluakulu amene adaiyambitsa, mmodzi mwa iwo malemu Pulofesa John Chiphangwi, adaika phunziro la umoyo wa anthu m'midzi ngati mwala wapangodya wa maphunziro onse. N'chifukwa chake sukuluyo idakhala ndi nthambi ku Mangochi, ndipo ophunzira ankatumizidwa kukakhala m'midzi masiku angapo, kudya chimene eni khomo akudya ndi kumwa madzi amene eni khomo akumwa, kuti adziwe kumene matenda amachokera. Mbewu idafesedwa kale. Chofunika tsopano ndi kuipalira kuti ibale.

Boma la Thyolo lili ndi maphunziro atatu amene sukulu iliyonse ya udotolo iyenera kuwasunga. Loyamba ndi la matenda a onchocerciasis, amene adasautsa anthu a m'mapiri a Thyolo kwa zaka zambiri. Matendawa amayabwitsa thupi usana ndi usiku, amakhakhalitsa khungu, ndipo akakula amaononga maso. Amayamba ndi tinyongolotsi timene timafalitsidwa ndi tintchentche takuda toswana m'mitsinje yothamanga madzi, monga imene imatsika m'mapiri ndi kudutsa m'minda ya tiyi. Dotolo wa m'wodi akadatha kupereka mafuta odzola kwa zaka makumi angapo osathetsa kanthu. Kuti matendawa amveke padafunika wodziwa za tizilombo touluka, wodziwa za nyongolotsi, dotolo wa maso ndi wowerengera odwala mudzi ndi mudzi. Ntchito yaikulu ya kafukufuku ameneyu idachitikira pachipatala cha Malamulo ku Makwasa, motsogozedwa ndi Dr Gilbert Burnham, m'zaka za m'ma 1980.

Mankhwala ake enieniwo, a ivermectin, adabadwa mwa mgwirizano wa akatswiri a nthambi zosiyana. Satoshi Ōmura wa ku Japan adapeza tizilombo ta m'dothi timene timatulutsa mankhwalawo, William Campbell adaona mphamvu yake pa nyongolotsi, ndipo poyamba ankagwiritsidwa ntchito pa ziweto asanayesedwe pa anthu. Awiriwa adalandira mphotho ya Nobel mu 2015. Kampani ya Merck idalonjeza mu 1987 kupereka mankhwalawa kwaulere. Koma popeza mankhwalawa amapha ana a nyongolotsi n'kusiya zikuluzikulu, zimene zimakhala m'thupi zaka zoposa khumi, munthu ayenera kumwa chaka ndi chaka kwa nthawi yaitali. Amene adasenza ntchito imeneyi ndi anthu osankhidwa ndi midzi yawo, oyeza msinkhu wa munthu ndi ndodo kuti adziwe mapilitsi angati amupatse, mothandizana ndi mafumu, alangizi a zaumoyo ndi zipatala za m'maesiteti. Wophunzira udotolo amene sadaone unyolo wonsewu, kuchokera kumtsinje kufikira kubwalo la mfumu, sadawadziwe matendawa.

Phunziro lachiwiri ndi la mliri wa Edzi. Bungwe la Médecins Sans Frontières lidayamba kugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo ku Thyolo mu 1997, ndipo mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa pachipatala cha boma mu 2003, chaka chimodzi Boma lisanayambe kuwapereka kwaulere m'dziko lonse. Madotolo anali owerengeka, odwala anali zikwizikwi. Chimene chidapulumutsa anthu ndi kugawana ntchito: anamwino ndi othandiza madotolo adaphunzitsidwa kuyambitsa mankhwala m'zipatala zing'onozing'ono, alangizi a zaumoyo ndi aphungu adatenga ntchito yoyeza magazi ndi kupereka uphungu, ndipo anthu odzipereka m'midzi ankalondola amene asiya kumwa mankhwala. Mu 2012 Thyolo idatengera nzeru ya ku Tete, ku Mozambique, yakuti odwala apange timagulu, mmodzi azipita kukatengera anzake mankhwala mosinthana. Kwa wothyola tiyi amene malipiro ake amadalira kupezeka pantchito, kuchepetsa maulendo a kuchipatala ndi chinthu chachikulu. Zonsezi zidaphunziridwa pakati pa mliri, anthu akufa. Sikoyenera kuti m'badwo wina wa madotolo udzaphunzirenso kugwirizana mwa njira yowawa chotero.

Phunziro lachitatu ndi la posachedwapa. Mliri wa kolera umene udayamba mu Malichi 2022 ndi kupitirira mpaka 2023 udapha anthu oposa 1,700, ndipo ndiwo waukulu koposa m'mbiri ya dziko lino. Uli mkati, namondwe wa Freddy adagwa mu Malichi 2023 naononga midzi, milatho, zitsime ndi zimbudzi m'maboma a m'chigawo chakummwera, Thyolo ndi Mulanje ali m'gulu lomwelo. Pamsasa wa odwala kolera dotolo amaika diripi, koma amene amaimitsa mliri ndi wokonza mjigo, wothira mankhwala m'madzi, mphunzitsi wa kusukulu ndi mfumu yoletsa kuphika pamaliro. Chimodzimodzi matenda a chisaka, amene adaononga nthochi za ku Thyolo, adalowa m'munda koma zotsatira zake zidakaonekera pasikelo ya ana, pakuti banja likataya mbewu yobweretsa ndalama, mbale ya mwana ndiyo imayamba kuchepa.

Dziko lino lili ndi mwayi umene silidakhalepo nawo. Mu 2021 College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, imene idakhazikitsidwa mu 1979, zidaphatikizana n'kukhala sukulu imodzi ya ukachenjede ya Kamuzu University of Health Sciences. Madotolo, anamwino, azamba, akatswiri a mankhwala, a ku labotale ndi othandiza odwala kulimbitsa ziwalo tsopano ali pansi pa denga limodzi. M'boma la Thyolo lomwelo muli Malamulo, mishoni ya Seventh-day Adventist yoyambira mu 1902, kumene kuli chipatala ndi koleji yophunzitsa ntchito zaumoyo. Ku Ndata kuli Malawi University of Science and Technology, imene idalandira ophunzira oyamba mu 2014 ndipo imaphunzitsa, mwa zina, uinjiniya wa zipangizo za chipatala. Ku Mimosa, m'boma loyandikana la Mulanje, kuli likulu la kafukufuku wa tiyi. Pali chipatala cha boma, zipatala zing'onozing'ono, zipatala za m'maesiteti, ndi anthu oposa 700,000 malinga ndi kalembera wa 2018. Kuchokera ku Blantyre ndi ulendo wa ola limodzi. Palibe kalasi yoposa imeneyi.

Komabe choonadi chinenedwe: kuphatikiza maina a sukulu sikuphatikiza makalasi. Sukulu ziwiri zikhoza kukhala ndi chikwangwani chimodzi pamene ophunzira ake sakudziwana. Chimene nyuzipepala ino ikupempha ndi chinthu chooneka ndi maso. Wophunzira udotolo, wophunzira unamwino, wophunzira za mankhwala ndi wophunzira za ukhondo wa malo atumizidwe ngati gulu limodzi kwa masabata angapo kudera limodzi, apatsidwe mabanja owerengeka, awatsate kuchokera pamzere wa pachipatala kufikira kunyumba, kuchitsime ndi kumunda. Aone kulemera kwa dengu, aone mmene opopera mankhwala amavalira, aone fumbi ndi phokoso la m'fakitale. Pomaliza alembe lipoti limodzi, akalifotokoze pamaso pa aphunzitsi, akuluakulu a zaumoyo a m'boma ndi mafumu. M'kalasi namonso, phunziro la chifuwa chachikulu liphunzitsidwe ngati nkhani imodzi, ya mapapo, ya kachirombo, ya mankhwala, ya nyumba yopanda mazenera ndi ya malipiro otayika, aphunzitsi a nthambi zonsezi atakhala pamodzi.

Kuti njira yotere imabala zipatso, umboni ulipo pachipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Madotolo a ana ndi anamwino a pamenepo adagwirizana ndi ophunzira uinjiniya ndi aphunzitsi awo a ku Rice University ya ku America, napanga makina otsika mtengo othandiza makanda kupuma, amene adawatcha dzina la Chichewa lakuti Pumani. Injiniya payekha sakadadziwa chimene khanda lobadwa masiku osakwana limafuna. Dotolo payekha sakadadziwa kulumikiza pampu ndi mapaipi. Namwino ndiye adadziwa chimene chingatheke usiku, pamene ali yekha ndi makanda ambiri. Makinawa adafalikira m'zipatala za m'maboma ndi m'maiko ena.

Alipo anthu anzeru amene amakayika, ndipo mawu awo amveke. Ena amati zaka za maphunziro n'zodzaza kale, ndipo kuonjezera zina kudzachepetsa sayansi, n'kutulutsa dotolo wodziwa pang'ono za chilichonse koma wosatha kuchita opaleshoni. Nkhawa imeneyi n'njoona pamene kaphunzitsidwe kakonzedwa mwachisawawa, ndipo kafukufuku wa maiko ena sadaonetse kuti njira zatsopano zimapambana zakale pa mayeso a zoloweza. Palibe amene akupempha kuti phunziro la kapangidwe ka thupi lichotsedwe. Dotolo wosadziwa pamene mtsempha wadutsa ndi woopsa, angakhale adziwe maina a mafumu onse. Chopemphedwa ndi chakuti nthawi yomwe ilipoyo ikonzedwe bwino, zobwerezabwereza zichotsedwe, ndipo sayansi iphunzitsidwe pafupi ndi wodwala, pamene imakhazikika m'mutu.

Ena amati n'zodula. Timagulu ting'onoting'ono timafuna aphunzitsi ambiri, ndipo kutumiza ophunzira kumidzi kumafuna galimoto, mafuta ndi malo ogona. Izinso n'zoona, walira mvula walira matope. Koma awerengerenso mtengo wa mbali inayo: mayi wobwerera kuchipatala kanayi chifukwa aliyense adangoona mbali imodzi ya vuto lake, mankhwala operekedwa kawiri, wodwala wotumizidwa ku Blantyre pa nkhani imene ikadathera ku Thekerani, ndi dotolo wachinyamata wothawa chipatala cha kumudzi chifukwa sadakonzekeretsedwe moyo wa kumeneko. Boma limalipira zonsezi chaka ndi chaka, ngakhale sizilembedwa pamzere umodzi wa bajeti.

Chopinga chachikulu, chimene ambiri amaopa kuchitchula, ndi kudzikuza. Chizolowezi chakale chidaika dotolo pamwamba, namwino pansi pake, ndi mlangizi wa zaumoyo pansi penipeni, kotero kuti wapansi amaopa kuyankhula ngakhale aone cholakwa. Odwala amafa ndi mantha amenewa. Mzamba amene waona kuti mayi akutaya magazi mopitirira muyeso ayenera kumvedwa nthawi yomweyo, ndipo dotolo amene adaphunzira naye kalasi imodzi adzamumva msanga. Akuluakulu adati kuongola mtengo n'poyamba. Ulemu wa pantchito ukapanda kuphunziridwa munthu ali wophunzira, sungadzaphunziridwe atavala kale chovala choyera. Kugwira ntchito ngati gulu sikuchotsa mwambo kapena udindo, aliyense amayankhabe pa ntchito yake. Kumangofuna kuti aliyense adziwe chimene mnzake amadziwa.

Tsono udindo ugawidwe poyera. Akuluakulu a sukulu za ukachenjede ndi makoleji a zaumoyo agwirizanitse makalendala awo, pakuti ophunzira sangakumane ngati ena ali patchuthi pamene anzawo ali kumidzi. Mabungwe a Medical Council of Malawi ndi Nurses and Midwives Council of Malawi, amene amavomereza maphunziro ndi kupereka ziphaso, aike luso logwira ntchito ndi anzako pa zinthu zoyesedwa, chifukwa wophunzira amalimbikira chimene chimabwera pamayeso. Ogwira ntchito m'Boma a m'maunduna a Zaumoyo, Maphunziro, Ulimi, Madzi ndi Ntchito aleke kukankhirana makalata. Ndondomeko yachitatu ya zaumoyo ya 2023 mpaka 2030 imalimbikitsa kale chithandizo chophatikiza, ndipo masomphenya a Malawi 2063 amaika umoyo ndi luso la anthu pamaziko a chitukuko. Zolembedwazo zitsike m'mashelefu zikafike ku Bvumbwe, ku Luchenza ndi ku Masambanjati.

Eni maesiteti nawo ali ndi gawo. Atsegule zipata za minda, mafakitale ndi zipatala zawo kwa ophunzira, podziwa kuti wantchito wathanzi ndiye amadzaza dengu. Mbiri ya dera limeneli ili ndi zilonda za thangata ndi za kusowa kwa malo, ndipo anthu ake adaphunzira kalekale kukayikira mlendo wobwera ndi kope m'manja. Pachifukwa chimenechi ophunzira asalowe m'nyumba ya munthu popanda chilolezo chake, ndipo zimene wodwala waulula zisafike kwa kapitawo kapena kwa bwana. Wantchito akangoganiza kuti kunena za matenda ake kudzamuchotsetsa ntchito, adzatseka pakamwa, ndipo phunziro lonse lidzafera pomwepo.

Atsogoleri a Chipani a m'nthambi, m'madera ndi m'boma, pamodzi ndi amayi ndi achinyamata a Chipani, akumbukire kuti ntchito yawo ndi kusalaza njira. Afotokozere anthu pamisonkhano chifukwa chimene ophunzira abwerera. Athandizane ndi mafumu kupeza mabanja owalandira. Alimbikitse anthu kuyankha mafunso moona. Koma asalowerere ntchito ya chipatala, asasankhe mabanja potengera chipani chimene banjalo lidavotera, ndiponso asasandutse ulendo wa ophunzira kukhala msonkhano wa ndale. Malungo safunsa khadi la umembala. Mtsogoleri amene adzasunga zimenezi ndiye adzakhala atatumikira Chipani ndi Boma mokhulupirika.

Pamene dziko lino linkalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, adani atatu adatchulidwa maina: umphawi, umbuli ndi matenda. Adaniwa amayenda limodzi, ndipo pakhomo pamene palowa mmodzi, awiriwo sachedwa kufika. Dziko limene likulimbana ndi adani ogwirizana chotere silingapambane ndi asilikali ophunzitsidwa aliyense kumbali kwake. Mayi wothyola tiyi wa ku Thyolo amachita mbali yake m'mawa uliwonse, mvula ikugwa kapena dzuwa likuswa mtengo. Sukulu za udotolo, maunduna, eni minda ndi atsogoleri achite mbali yawo, kuti tsiku limene iye adzafike pachipatala adzapeze anthu odziwana, omverana ndi odziwa kumene wachokera.